Kodi mazira amene ndinadya ndi amene anamana mwana wanga tsitsi?

"Adokotala, ndine mayi wa ku Chikwawa. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 2 ndi miyezi 3 koma tsitsi lake ndi lochepa kwambiri, lopyapyala ngati cheya, nsidze alibe n'komwe. Mano amera awiri okha, nawonso osongoka ngati misomali. Kunja kukatentha thupi lake limatentha moopsa, koma tikapita kuchipatala malungo sawapeza. Chibadwire sindinamuonepo akutuluka thukuta. Apongozi anga akuti ndi chifukwa choti ndinkadya mazira ndili woyembekezera. Mchimwene wanga nayenso anabadwa chonchi. Panopa ndili ndi pathupi pena pa miyezi 4 ndipo mazira ndasiyiratu. Kodi alipo mafuta kapena mankhwala omeretsa tsitsi? Nanga ali m'mimbayu ndimuteteze bwanji?"

Mayi, mazira alibe mlandu pa nkhaniyi, ndipo inunso mulibe. Mawu oti mayi woyembekezera akadya mazira adzabereka mwana wadazi ndawamva kwa zaka zambiri, kuchokera kwa agogo ndi apongozi okonda adzukulu awo ndi mtima wonse, koma si oona. Mwana amene muli naye m'mimbayo akufunika chakudya chomanga thupi, ndiye ngati mazira mungawapeze, yambaninso kudya. Apongozi anu akufunafuna chifukwa monga mmene inunso mukufunira, ndipo ndiyesa kukupatsani chifukwa chenicheni choti mukathe kuwafotokozera mwaulemu.

Pa zonse mwalembazi, chimene chandigwira mtima kwambiri ndi mawu oti simunamuonepo akutuluka thukuta, makamaka poti mukukhala ku Chikwawa. Nkhani ya thukutayi ndi imene ikufunika changu kuposa ya tsitsi. Koma kuti muone mmene tsitsi, mano ndi thukuta zikugwirizanirana, tiyambire m'mimba, kumene zonsezi zimakonzedwa.

Tsitsi lililonse limamera m'kadzenje kakekake m'khungu. Poti tonse ndife ana a alimi, timadzenje timeneti ndizititcha mapando. Munthu amabadwa ndi mapando pafupifupi 5 miliyoni thupi lonse, ndipo pafupifupi 100,000 mwa amenewa amakhala kumutu. Onsewa amakumbidwa mwana asanabadwe. Oyamba amaoneka mimba ikafika masabata 9 kapena 10, pansidze, pamwamba pa mlomo ndi pachibwano, kenako ntchitoyo imafalikira kumutu konse n'kumatsika thupi lonse m'miyezi yotsatira. Mwana akabadwa, khungu siliwonjezeranso mapando atsopano. Ndevu zimene mnyamata amamera akatha msinkhu zimatuluka m'mapando akale omwewo, amene kwa zaka zonsezo ankatulutsa cheya chosaoneka.

Khungu la mwana wosabadwa lili ndi zigawo ziwiri, chapamwamba ndi chapansi, ndipo palibe chigawo chimene chingapange phando pachokha. Ziwirizi zimatumizirana mauthenga mosinthana. M'zaka za m'ma 1970, wasayansi wa ku France, Danielle Dhouailly, ankalekanitsa zigawo za khungu la tiana ta mbewa ndi ta nkhuku tisanabadwe n'kuzilumikiza mosemphanitsa. Chigawo chapamwamba cha mbewa atachiyala pa chigawo chapansi cha nkhuku, chinayamba kupanga timizu ta ubweya, koma titandanda motsatira dongosolo la nthenga. Izi zinasonyeza kuti chapansi ndicho chimauza chapamwamba malo oyambira, ndipo chapamwambacho chimayankha molingana ndi mtundu wake. Mu 1992 wasayansi wina, Margaret Hardy, amene ankagwira ntchito ku Canada, anafotokoza kukambirana kumeneku ngati mauthenga atatu otsatana: pansi pamati "yambani pano", pamwamba pamayankha kuti "sonkhanani pansi panga", ndiye pansi pamanenanso kuti "tsopano kulani, mupange tsitsi".

Mauthengawa ndi mapuloteni, tinthu timene timapangidwa ndi maselo, tizigawo ting'onoting'ono kwambiri timene timapanga thupi lonse. Selo imodzi imapanga puloteni n'kuitulutsa kunja, ndipo selo yoyandikana nayo imakhala ndi kanthu kolandirira uthengawo pakhungu pake, tinene kuti khutu lake. Khutulo likamva, limapatsira uthengawo kwa puloteni ina m'kati, iyonso kwa inzake, mpaka ufike pakati pa selo pamene pali DNA, imene ili ngati buku la malangizo onse a thupi. Malangizo opangira puloteni iliyonse analembedwa m'kachigawo ka DNA kotchedwa gene. Ndalemba dala mawuwa m'Chingerezi, chifukwa ndikati "majini" ena amaganiza za mizimu, ndipo ndinaonapo banja lina litachoka m'chipinda changa lili ndi mantha chifukwa cha kusamvana kumeneku. Ma gene ndi malangizo chabe amene tonse timalandira, theka kwa bambo theka kwa mayi.

Uthenga woyambitsa ntchito yonse umatchedwa Wnt. Ukafika pa maselo a chigawo chapamwamba, puloteni ya m'kati yotchedwa beta-catenin imasiya kuwonongedwa, imachuluka, n'kukadzutsa ma gene amene anali chigonere. Maselo a pamalopo amatalika n'kuthithikana, ndipo pamapangika kachigamba kokhuthala kotchedwa placode. Kachigamba kameneka ndiko chiyambi cha phando. Pa mbewa zimene asayansi anatseka njira ya Wnt pakhungu, panalibe placode ngakhale imodzi. Mu 1998 gulu la Elaine Fuchs ku America linachita zosiyana: linachititsa kuti beta-catenin isamazime, ndipo mbewazo zinamera mapando atsopano zitabadwa kale, koma pambuyo pake zinatuluka zotupa. Nkhani ya zotupayi muikumbukire tikafika pa funso lanu la mankhwala.

Mwina mungafunse chifukwa chake khungu lonse silisanduka phando limodzi lalikulu. Mlimi wobzala chimanga amasiya mpata pakati pa phando ndi linzake, ndipo khungu nalo lili ndi njira yake yosiyira mpata. Placode ikangoyamba, imapanga mauthenga awiri otsutsana. Wina ndi wolimbikitsa, umene sufika patali. Wina ndi woletsa, monga DKK ndi BMP, umene umafalikira mozungulira n'kuuza maselo oyandikana nawo kuti akhale khungu wamba. Phando lina limatha kuyamba pokhapo pamene mawu oletsawo afooka. Palibe amene amayeza ndi chingwe, koma mapando amatuluka otalikirana bwino. Katswiri wa masamu wa ku Britain, Alan Turing, analemba mu 1952 kuti mauthenga awiri otere, wolimbikitsa ndi woletsa, angathe kujambula mawanga ndi mizere pathupi la nyama. Patapita zaka zoposa 50, mu 2006, ofufuza ku Germany anasonyeza pa mbewa kuti akawonjezera DKK, mapando amachepa n'kutalikirana. Ine nkhani imeneyi imandisangalatsabe ngati tsiku limene ndinaimva koyamba.

Tsopano tafika pa uthenga umene ndikuganiza kuti ukukhudza mwana wanu. Placode yongoyamba kumene ndi yosakhazikika, ingathe kuzilala. Chimene chimailimbitsa ndi puloteni yotchedwa ectodysplasin, yopangidwa ndi gene yotchedwa EDA. Khutu lake lolandirira limatchedwa EDAR, ndipo Wnt ndi amene amachititsa kuti makutu amenewa achuluke pa placode. Ectodysplasin ikafika pa EDAR, uthenga umadutsa pa puloteni ya EDARADD n'kukadzutsa ina yotchedwa NF-kB, ndipo iyi imabwerera kukalimbikitsa Wnt uja kuti asazime, komanso kudzutsa mauthenga a gawo lotsatira. Ndiye Wnt ndi EDA zimagwirana manja. EDA ikasowa, mapando ambiri amayamba koma osapitirira. Ena amapulumuka, n'chifukwa chake mwana wotere amakhala nalo tsitsi, koma lochepa, lopyapyala, lotuwa ndi lochedwa kukula.

Dzino nalonso limayamba ngati placode m'nkhama. Timatumba totulutsa thukuta timayamba chimodzimodzi, ndipo n'chimodzimodzinso timatumba tonyowetsa m'mphuno, m'khosi ndi m'zikope. Zonsezi zimadalira uthenga wa EDA. Choncho tsitsi lochepa, mano ochepa osongoka ndi kusowa thukuta, zimene mukuziona ngati mavuto atatu, zingathe kuchokera pa chinthu chimodzi. Madokotala timachitcha hypohidrotic ectodermal dysplasia. Sindingatsimikize kuti n'chimene mwana wanu ali nacho ndisanamuone, koma mmene mwafotokozera zikufanana nacho kwambiri, ndipo dzinali mulilembe papepala mukalionetse kuchipatala, chifukwa ndi vuto losowa moti azaumoyo ambiri sanakumanepo nalo.

Zotsala za ulendo wa phando ndizidutsa mwachidule. Placode imatumiza uthenga wa FGF20 pansi, ndipo maselo a chigawo chapansi amasonkhana n'kupanga kamulu. Kamuluko kamatulutsa puloteni yotchedwa noggin, imene imatseka pakamwa BMP woletsa uja pamalopo. Kenako uthenga wa Sonic hedgehog umachititsa maselo a placode kuchulukana n'kumira pansi ngati muzu, mpaka atakuta kamulu kaja. Mbewa zopanda Sonic hedgehog mapando ake amayamba koma amaima panjira. Kamulu kokutidwako kamakhala pansi pa phando moyo wonse wa munthu, ndipo ndiko kamalamula kukula ndi kunenepa kwa tsitsi. Maselo opanga mtundu wakuda amachokera kwina, kufupi ndi msana wa mwana, n'kudzalowa m'phando. N'chifukwa chake munthu wachialubino amakhala ndi mapando okwanira bwinobwino, chosiyana ndi mtundu wokha. Tsitsi lathu lopotanali limachokera m'mapando okhota. Tsitsi loyamba kutuluka ndi cheya chofewa chotchedwa lanugo, chimene chimakuta mwana pofika miyezi 5 ndipo chambiri chimathothoka asanabadwe.

Mwatchula mchimwene wanu, ndipo mwachita bwino kwambiri, chifukwa mfundo imeneyi ndi yofunika kwa dokotala. Gene ya EDA inapezeka mu 1996 ndi gulu lotsogozedwa ndi Juha Kere wa ku Finland, ndipo ili pa chromosome yotchedwa X (ma chromosome ndi timitolo timene DNA imasungidwamo m'selo). Mkazi ali ndi ma X awiri. Mwamuna ali ndi X mmodzi wochokera kwa mayi ake, ndi Y wochokera kwa bambo ake. Mkazi akakhala ndi EDA yolakwika pa X mmodzi, winayo amaphimba, ndipo mwina angangosowa dzino limodzi kapena awiri, kukhala ndi tsitsi lochepako, kapena kusatuluka thukuta malo ena. Mwamuna alibe X wachiwiri womuphimbira. Zimenezi anthu anaziona kalekale ma gene asanadziwike. Mu 1875 wasayansi wa ku Britain, Charles Darwin, analemba za banja lina la ku Sindh, kumene lero ndi ku Pakistan, mmene amuna 10 m'mibadwo inayi anali ndi mano ochepa, tsitsi lochepa, ndipo ankavutika kwambiri nyengo yotentha. Ana aakazi sankaoneka ndi vutolo, koma ankalipatsira ana awo aamuna.

Ndikudziwa kuopsa kwa zimene ndangonenazi m'banja. Mlandu ungachoke pa mazira n'kugwera kuchikazi. Mayi, palibe munthu amasankha X woti apatse mwana wake, monganso bambo sasankha kupereka X kapena Y. Inu munalandira kwa mayi anu osadziwa, iwonso mwina chimodzimodzi. Ndimalangiza kuti popita kuchipatala mutengane ndi bambo a mwanayo, ndipo ngati n'kotheka ndi apongozi omwe, kuti akamve okha kuchokera kwa dokotala. Ndaonapo mabanja amene anatsala pang'ono kupasuka pa nkhani yotere akugwirizananso atangomvetsa kuti panalibe wolodza kapena wolakwira mwambo.

Ngati vutoli lilidi la EDA ya pa X, mimba iliyonse imakhala ndi mwayi wakewake. Mwana wamwamuna angatengere kapena ayi, theka ndi theka, ngati kuponya ndalama m'mwamba. Wamkazi angakhale wonyamula EDA yolakwikayo ngati inu kapena ayi, theka ndi theka. Kuti woyamba anatengera sizisintha mwayi wa wachiwiri. Mchimwene wanu akabereka, ana ake aamuna sadzatengera, koma aakazi onse adzakhala onyamula. Pali mitundu ina yosowa kwambiri yochokera pa EDAR kapena EDARADD imene imagwira ana aamuna ndi aakazi mofanana, koma nkhani ya mwana ndi malume ake imaloza kwambiri ku X.

Dokotala wokamuona adzafuna kuchotsa kaye zifukwa zina za tsitsi lochepa, zimene ndi zofala kwambiri kwathu kuno. Kunyentchera kumafiiritsa tsitsi n'kulipyapyalitsa. Chipere chimadya tsitsi mozungulira n'kusiya mamba. Khanda logonera chagada nthawi zonse limatha tsitsi kunkhongo. Kuchepa kwa mphamvu ya chithokomiro kumachedwetsa mano ndi kukula komwe. Zonsezi zili ndi chithandizo ndipo tsitsi limabwerera, chifukwa mapando alipo. Koma palibe mwa izi chimene chimasongola mano n'kuumitsa thukuta chibadwire.

Pa funso la mafuta, yankho langa ndi loti musataye ndalama. Mafuta angafewetse tsitsi limene lilipo, koma sangakumbe phando limene silinakumbidwe m'mimba. Musalolenso kuti amutemere mphini kumutu kapena kumupaka zoyabwa, chifukwa khungu la ana otere ndi louma kale ndipo silichedwa kuchita zilonda. Asayansi akudziwa mauthenga odzutsa mapando, koma mwaona zimene zinachitikira mbewa za beta-catenin zija. Uthenga wa Sonic hedgehog nawonso ukakana kuzima umayambitsa mtundu wina wa khansa ya pakhungu. Mauthengawa ndi otetezeka pa nthawi yake ndi pamlingo wake basi.

Pali nkhani imodzi yopatsa chiyembekezo imene ikusonyeza kufunika kwa nthawi. Ku Erlangen, m'dziko la Germany, Holm Schneider ndi anzake anabaya ectodysplasin yopangidwa m'labotale m'madzi ozungulira ana m'chiberekero. Anayamba ndi mapasa aamuna mu 2016, pa masabata 26 ndi 31, kenako mwana wina wachitatu pa masabata 26. Zotsatira zinasindikizidwa mu 2018: ana atatuwo anabadwa akutuluka thukuta. Mankhwala omwewo ataperekedwa kwa makanda obadwa kale sanathandize, chifukwa timatumba ta thukuta timapangika pakati pa masabata 20 ndi 30 a mimba, ndipo nyengoyo ikadutsa khungu silimvanso uthengawo. Chithandizochi chikadali pa kafukufuku, ndiye sindikufuna kukulonjezani chinthu chimene simungachipeze kusikelo. Kwa mwana ali m'mimbayo palibe chakudya kapena mankhwala amene angasinthe X amene walandira kale. Chimene mungachite ndi kudya bwino, kupita kusikelo, kumwa mankhwala okhawo amene akupatsani kumeneko, ndi kuwauza anamwino za m'bale wakeyo.

Tibwerere kwa mnyamata wathu. Thukuta ndi limene limaziziritsa thupi, ndipo mwana wopanda thukuta m'chigwa cha Shire mwezi wa October ali pangozi yeniyeni. Thupi likatentha mopitirira angakomoke, kugwedezeka, ngakhale kuvulala ubongo. Nzeru za ana amenewa zimakhala zabwinobwino, ndiye ntchito yathu ndi kuziteteza ku kutentha, makamaka zaka zoyambirirazi pamene sangathe kunena yekha kuti watenthedwa. Inu ndi amene mukhale thukuta lake. Masana muvekeni malaya opepuka onyowetsa ndi madzi, ndipo akauma nyowetsaninso. Mupatseni madzi akumwa pafupipafupi asanapemphe. Dzuwa likakwera azisewera pamthunzi, ndipo ngati nyumba ndi yamalata asagone m'kati masana, bola pakhonde kapena pansi pa mtengo. Kumubereka kumbuyo ndi chitenje paulendo wautali wa masana kumamuwonjezera kutentha kwa thupi lanu, ndiye maulendo muziyenda m'mamawa. Mu minibasi khalani pawindo muli ndi botolo la madzi ndi kansalu. Mukaona makutu afiira, akulira mosatonthozeka, akupuma mofulumira kapena wangoti lefu, musadikire: muvuleni, mumuthire madzi ozizira bwino thupi lonse, mumukupize.

Gulani kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi ngati mungathe. Dziwaninso kuti Panado amathandiza kutentha kobwera ndi matenda, koma satsitsa kutentha kobwera ndi dzuwa, kumeneko mankhwala ake ndi madzi ndi mthunzi. Komabe pali msampha umene ndikufuna muupewe. Poti kangapo konse malungo sanapezeke, musazolowere n'kumati ndi kutentha kwake kuja. Mwana ameneyu angadwale malungo ngati wina aliyense, ndipo chifuwa ndi chibayo zimamugwira mosavuta chifukwa njira zake za mpweya ndi zouma. Thupi likatentha ndipo silikutsika mutamuziziritsa, akayezedwe tsiku lomwelo. Akakomoka, akagwedezeka, akakana kumwa, akamasanza chilichonse, akamabanika kapena akavuta kudzutsa, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo, mukumunyowetsa m'njira monse.

Pemphani kuchipatala cha boma chapafupi kalata yokutumizani ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, kuti akaonedwe ndi dokotala wa ana, wa khungu ndi wa mano. Wa mano adzafuna kudziwa mano amene abisala m'nkhama, ndipo ana otere amatha kupangiridwa mano oikirira adakali aang'ono, asanayambe sukulu, n'kumawasintha akamakula. Amathandiza kutafuna ndi kulankhula, komanso amachepetsa kusekedwa ndi anzake. Padakali pano chakudya chake chizikhala chofewa ndi chamsuzi, poti malovu angakhale ochepa: phala lothira nsinjiro, mazira, nsomba yochotsa minga, nyemba zopota, mapeyala ndi nthochi. Khungu muzilipaka Vaseline akangosamba, ndipo m'mphuno mukauma n'kuchita nkhanambo, timadontho ta madzi a mchere a kuchipatala timafewetsa. Akadzayamba sukulu, aphunzitsi adzauzidwe kuti azimulola kumwa madzi m'kalasi ndi kukhala pamthunzi nthawi ya masewera a masana.

Mchimwene wanu muchezeni mofatsa. Iye wakula ndi thupi lotere m'dera lotentha, ndipo akudziwa zizindikiro zimene amamva kutentha kukamayandikira ndi njira zimene amadzithandizira, zimene ine sindingazipeze m'buku. Ngati angathe, apite nanu ku Blantyre, chifukwa dokotala akaona mwana ndi malume ake limodzi sachedwa kuzindikira.

Za wobadwayo, mukachilire kuchipatala, ndipo pemphani kuti nkhani ya m'bale wake ilembedwe m'buku lanu la kusikelo kuyambira panopa. Akabadwa wamwamuna, khanda limafunikabe kufunda ngati lina lililonse, koma anamwino azimuyeza kutentha pafupipafupi, makamaka akamuika m'makina otenthetsera ana, ndipo kunyumba musamukute mabulangete ambiri masana. Tsitsi lochepa pobadwa lisakuopseni palokha, makanda ambiri athanzi amabadwa choncho. Zimene mungayang'anire ndi khungu losupuka kwambiri masiku oyamba, kusowa nsidze, ndi thupi kutentha popanda matenda. Mukaona zimenezi mubwerere naye kuchipatala msanga, osadikira kuti mano adzanene.